Laputopu ya Thoko: kodi ingalowe pa msonkho ngati ndalama ya sukulu?

Zokambirana za pa gulu la Amalawi okhala ku America, February 2025

Mayi a Thoko (South Bend), Lachiwiri 6:42 m'mawa
Mwadzuka bwanji abale nonse pagulu pano. Ndangoweruka kumene shifiti ya usiku, koma tulo sitikubwera chifukwa cha nkhani iyi, ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa. Mwana wanga Thoko anayamba koleji mu August chaka chathachi, akuphunzira za unamwino pa community college ya kwathu kuno. Sabata yoyamba yomweyo anabwera kunyumba nkhope itagwa, akuti popanda laputopu mayeso salemba. Ndinatenga ndalama ya chipeleganyu ya mwezi umenewo n'kukamugulira ya $899, kuphatikiza msonkho wa m'sitolo inafika $962. Tsopano nthawi ya ma tax yakwana. Bambo amene amandilembera chaka ndi chaka akuti tiiike ngati ndalama ya sukulu, ndipo akuti tiwonjezerepo foni yake ndi bilu ya intaneti ya pakhomo kuti refund, ndalama imene boma limabweza, ikule. Mnzanga wa kuntchito akuti kompyuta siloledwa n'komwe, a IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, adzandilondola. Ine ndasowa chogwira. Kuba sindikufuna, komanso sindikufuna kusiya ndalama yomwe ndi yanga, chifukwa $962 imeneyo ndinaipeza ponyamula odwala usiku ndi msana womwewu. Zoona zake n'ziti?

Aphiri (Dallas), 7:05
Mwadzuka bwanji Mayi. Ikani basi, musaope. Mwana wa koleji wa masiku ano angaphunzire bwanji wopanda kompyuta? Ife kuno timaika chaka ndi chaka, palibe anatifunsapo.

Bambo a Tadala (Seattle), 7:31
Achimwene Aphiri, pepani, koma mawu akuti "palibe anatifunsapo" ndi omwewo amene ine ndinkayankhula. Mayi a Thoko, imvani zimene zinandionekera ine, kenako muganize nokha.

Chaka chimene mwana wanga woyamba anayamba koleji, ndinapita kwa munthu wina amene anzanga ambiri ankapitako. Ankalembera anthu pabalaza la nyumba yake, anthu kudikira pa mpando wa sofa ngati ku chipatala. Anandifunsa ngati mwana ali ndi laputopu, ndinati eya. Foni? Eya. Galimoto yopitira ku sukulu? Eya. Sanandifunse risiti ngakhale imodzi. Refund inabwera yaikulu, ndinasangalala, ina ndinatumiza ku Dedza tinafolera nyumba ya amayi. Patapita chaka ndi miyezi, kalata ya IRS inafika, yofuna kuti nditumize Form 1098-T, pepala lochokera ku sukulu losonyeza fizi, ndi umboni wa ndalama zonse zimene tinalemba kuti tinalipira. Nditatsegula mapepala aja ndi pamene ndinaona kuti munthu uja analemba $4,000 yathunthu, pamene ine za sukulu zenizeni ndinalipira zosakwana theka lake. Pamalo posaina wolemba panalibe dzina lake, zinkaoneka ngati ndinadzilembera ndekha. Foni yake sinkayankhidwanso. Ndinabweza ndalama ija ndi chiwongola dzanja pamwamba, kwa miyezi yambiri, ndipo chaka chotsatira ndinachita kudzaza Form 8862 kuti ndiloledwenso kufunsa credit ya sukuluyo, ndalama imene amakuchotserani pa msonkho.

Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi. N'chakuti nthawi imeneyo mapepala anga a citizenship anali m'njira, ndipo ndinagona miyezi ndili ndi mantha. Ndiye mukamva munthu akuti "tiwonjezerepo foni", chonde imani kaye.

Mayi a Thoko, 7:40
Mayo ine Bambo a Tadala, pepani kwambiri. Zimenezi ndi zomwe ndikuopa. Ndiye laputopu ndiisiye?

Bambo a Tadala, 7:44
Ayi, sindinatero. Foni ndi galimoto ndiye ndikudziwa kuti ayi. Za laputopu tidikire a Nambewe, iwo amathandiza ku VITA, malo amene amalembera anthu msonkho mwaulere.

Nambewe (Maryland), 9:12
Mwadzuka bwanji nonse. Ndaona uthenga wanu Mayi a Thoko. Ndilemba motalikirapo, mundipirire, chifukwa funso limeneli limabwera chaka chilichonse ndipo yankho lake si "eya" kapena "ayi" wamba.

Choyamba, kale kunali njira yochotsera fizi pa ndalama zimene mwapeza musanawerengere msonkho, imene inkatchedwa tuition and fees deduction. Imeneyo inatha ndi chaka cha 2020, ndiye wina akakuuzani za iyo ndiye kuti akunena zakale. Zimene zilipo pano ndi ma credit awiri, onse amalembedwa pa Form 8863. Wina ndi American Opportunity Credit, wina ndi Lifetime Learning Credit. Kwa Thoko, amene ali chaka choyamba, woyenera kuyang'ana ndi woyambayo.

American Opportunity imaperekedwa pa zaka zinayi zoyamba za koleji, kwa mwana amene akuphunzira kuti apeze digiri kapena satifiketi yovomerezeka, ndipo akutenga makalasi osachepera theka la amene wophunzira wa nthawi zonse amatenga. Kawerengedwe kake nkotere: pa $2,000 yoyamba imene mwalipira, amakubwezerani yonse. Pa $2,000 yachiwiri, amakubwezerani 25 peresenti. Ndiye pamwamba penipeni ndi $2,500 pa mwana mmodzi pa chaka, ndipo mumafika pamenepo mukalipira $4,000. Pa credit imeneyi, 40 peresenti, mpaka $1,000, amakupatsani ngakhale mulibe msonkho woti mulipire. Yotsalayo imangochepetsa msonkho wanu. Malire a malipiro ndi $80,000 kwa munthu mmodzi, imayamba kuchepa mpaka kutheratu pa $90,000. Kwa okwatirana olembera pamodzi ndi $160,000 mpaka $180,000.

Tsopano laputopu. Lamulo limalola fizi, ndi mabuku ndi zipangizo zimene maphunzirowo akufuna, ngakhale mwazigula ku sitolo ya kunja kwa sukulu. A IRS anayankhapo okha za kompyuta pa tsamba lawo, ndipo mfundo yawo ndi yakuti zimatengera: imalowa ngati mwanayo akuifunikira kuti athe kuphunzira pa sukuluyo. Ndiye funso si lakuti "kodi imamuthandiza?" Funso ndi lakuti "kodi sukulu kapena kosi yake ikuifuna, ndipo mungaonetse pamene zalembedwa?" Aphiri akunena zoona kuti palibe mwana angaphunzire bwino wopanda kompyuta, koma tsiku limene kalata idzabwere, a IRS sadzawerenga maganizo athu, adzawerenga pepala.

Mwanena kuti Thoko anati popanda laputopu mayeso salemba. Mawu amenewo anawamva kwa mnzake, kapena analembedwa penapake?

Mayi a Thoko, 9:30
Zikomo kwambiri a Nambewe, Mulungu akudalitseni. Ndamufunsa pa foni pompano ali pa basi. Akuti zili m'kabuku ka malamulo kamene anawapatsa tsiku loyamba. Akuti mayeso awo amalembera pa pulogalamu yotchedwa Examplify, aliyense pa laputopu yake, ndipo analemba kuti ikhale ya Windows kapena Mac. Kunyumba tinali ndi ka Chromebook kakale, anakana kuti pulogalamuyo sigwira pamenepo.

Nambewe, 9:38
Basi, ndiye muli pabwino. Kabuku kameneko ndi umboni wanu. Thoko asindikize tsamba limene lanena za laputopu, pamodzi ndi chikuto chosonyeza dzina la sukulu ndi chaka, muziike mu envelopu imodzi ndi risiti. Ngati silabasi ya kalasi ina ikunenanso zomwezo, isindikizeni nayonso. Musadalire kuti zikhalabe pa intaneti, masukulu amasintha masamba awo chaka ndi chaka. Simutumiza mapepalawa polemba msonkho, mumangosunga, zaka zosachepera zitatu.

Foni ayi. Bilu ya intaneti ya pakhomo, imene banja lonse mukugwiritsa ntchito, ine sindingaiike. Lendi, chakudya, mafuta a galimoto, basi, inshulansi ya chipatala, zonsezi lamulo linazitchula kuti sizilowa.

Aphiri (Dallas), 10:02
Chabwino ndamva. Koma ine mwana wanga sukulu yake sinalembe paliponse kuti laputopu ndi yokakamiza, ndipo ndakhala ndikuiwerengera. Ndiye kuti ndalakwa?

Nambewe, 10:15
Achimwene, fizi ya mwana wanu mumalipira zingati kuchokera m'thumba mwanu pa chaka, mutachotsa sikolashipu?

Aphiri (Dallas), 10:17
Imadutsa $9,000. Ina ndi ngongole ya sukulu.

Nambewe, 10:26
Ndiye kwa inu laputopu sinasinthe kanthu, ngakhale senti imodzi. Credit imathera pa $4,000, ndipo fizi yokha inadzaza kale pamenepo. Ndalama ya ngongole imawerengedwa ngati mwalipira, m'chaka chimene sukulu yailandira. Ichi n'chimene anthu ambiri sadziwa: amakangana za kompyuta pamene kwa iwo ilibe ntchito. Imene imafunika ndi nkhani ngati ya Mayi a Thoko, pamene fizi ndi yotsika kapena thandizo la boma lalipira gawo lalikulu. Chaka chino ingoisiyani, mulembe fizi yokha, mugone tulo.

Aphiri (Dallas), 10:29
Zikomo achemwali. Mayi a Thoko, mundikhululukire, ndinafulumira kuyankha.

Mayi a Thoko, 10:41
Palibe kanthu achimwene, tonse tikuphunzira. A Nambewe, ndatenga pepala lija la 1098-T lili pano patebulo. Mu bokosi 1 alemba $4,300. Mu bokosi 5 alemba $3,600, imeneyo ndi Pell Grant, thandizo la boma la ophunzira. Mabuku ndi stethoscope ndi lumo lake la mabandeji zinakwana $410, marisiti ndili nawo. Yunifolomu ndinagulanso koma risiti ndinataya.

Nambewe, 11:03
Tiyeni tiwerengere limodzi. $4,300 kuchotsa $3,600 kutsala $700, imeneyo ndi fizi imene inatuluka kwa inu. Kuwonjezera $410 ya mabuku ndi zipangizo, ikukwana $1,110. Mukaima pamenepa, credit yanu ndi $1,110. Mukaika laputopu ya $962, zonse zikukwana $2,072, ndipo credit ikhala $2,000 kuphatikiza kota ya $72 yotsalayo, ndiye $2,018. Mwaona? Laputopu yokhayo ikubweza pafupifupi $908. Mnzanu wa kuntchito akanakutayitsani ndalama imeneyo, ndipo bambo olemba aja akanakuikani m'mavuto chifukwa cha foni pamene ndalama yoyera ilipo kale.

Zimene mulibe risiti zisiyeni. Musadabwe kuti laputopu ndi mabuku sizikuoneka pa 1098-T, sukulu imangolemba zimene yalandira yokha. Zinazo mumawonjezera nokha.

Mayi a Thoko, 11:10
Ndalira ndili ndekha m'khitchini muno. Mwezi umene uja ndinadya ndalama ya chipeleganyu, lendi ndinachita kukongola kwa mchemwali wanga.

Anti Nachisale (Indianapolis), 11:22
Limbani mtima amake Thoko, mwanayo adzakupukutani misozi. A Nambewe, poti mwatsegula nkhaniyi, nane ndifunseko. Ine ndine nesi kale, ndabwerera ku sukulu kuchita masters, makalasi onse ndi a pa intaneti. Ndinagula MacBook mu September. Nanenso ndiiike?

Nambewe, 11:47
Anti, inu nkhani yanu ndi yosiyana, ndipo pamenepa ndi pamene anthu amasokonezera. Poti zaka zinayi zoyamba munamaliza, American Opportunity sikukukhudzaninso. Yanu ndi Lifetime Learning, imene imabweza 20 peresenti ya $10,000 yoyamba, ndiye pamwamba ndi $2,000 pa fomu yonse, osati pa munthu aliyense, ndipo imangochepetsa msonkho, siibwera ngati ndalama ya m'manja ikaposa msonkho wanu. Lamulo lake pa zipangizo ndi lothina: mabuku kapena kompyuta zimalowa pokhapokha ngati munakakamizidwa kulipira ndalamayo ku sukulu yeniyeniyo kuti mulembetse. MacBook yogula nokha ku sitolo silowa, ngakhale makalasi onse ali a pa intaneti. Lembani fizi yokha.

Anti Nachisale, 11:52
Iii, zandiwawa, koma bola kudziwa. Kompyuta yomweyomweyo, kwa Thoko ikulowa, kwa ine ayi.

Nambewe, 11:55
Ndi momwemo Anti. Nanenso sindiona chilungamo chake, chifukwa amene abwerera ku sukulu atakula ndi amene amadzilipirira zonse okha. Koma ndi mmene analembera.

Bambo a Mphatso (Fort Wayne), 12:40 masana
Ndiwonjezereko mbali ina kwa amene ana awo akadali aang'ono. Ife tinatsegulira ana athu 529 plan, akaunti yosungira ndalama za sukulu, ali ku pulayimale, timaponyamo pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ku 529 nkhani ya kompyuta ndi yosavuta. Kuyambira 2015 lamulo limalola kutapa ndalama mmenemo kugulira kompyuta, printa, mapulogalamu ngakhale intaneti, bola wozigwiritsa ntchito kwambiri akhale wophunzirayo pa zaka zimene ali pa koleji. Safunsa ngati sukulu inakakamiza. Mapulogalamu a masewera okha ndi amene salowa. Kuno ku Indiana boma la state limabwezanso 20 peresenti ya zimene mwaponyamo, mpaka $1,500 pa chaka, ndiye amake Thoko ngati pali wamng'ono wina kunyumba, ganizirani zimenezi.

Chenjezo ndi limodzi: ndalama imodzi siidyedwa kawiri. Laputopu mukailipira ndi ndalama ya 529, simungailembenso pa Form 8863. Ife timachita chonchi: $4,000 ya fizi timalipira kuchokera m'thumba kuti credit ikwane, ndipo laputopu ndi chipinda chogona timatapa ku 529.

Mayi a Thoko, 12:58
Wamng'ono alipo, ali giredi 6. Zimenezi sindinazimvepo. Ndidzakufunsani kumbali bambo.

Chikondi (Ohio), 1:20
Mwaswera bwanji makolo anga nonse. Ine ndine wophunzira, ndinabwera mu 2023 pa visa ya F-1. Ndinagula laputopu chaka chatha ndi ndalama ya ntchito ya pa kampasi, ndipo sukulu inanditumizira 1098-T. Anzanga ena a ku West Africa analemba pa pulogalamu ina ya pa intaneti n'kulandira $1,000 aliyense. Akundiuza kuti ndikuchedwa. Ndichite?

Nambewe, 1:41
Mwanawe, usachite. Wophunzira wa F-1 pa zaka zisanu zoyamba za pa kalendala amawerengedwa ngati nonresident, munthu wosakhazikika muno, pa nkhani ya msonkho. Fomu yako ndi 1040-NR pamodzi ndi Form 8843, ndipo nonresident saloledwa ma credit awiri onsewa, kaya ndi fizi kaya ndi laputopu. Kulandira 1098-T sikutanthauza kuti ndiwe woyenera. Anzakowo analemba fomu ya anthu okhazikika, imene si yawo, ndipo pulogalamu inangowerengera zimene anaiuza. Ndalama kubwera si chizindikiro chakuti zavomerezedwa, zimatha kufunsidwa patapita zaka. A IRS akaona kuti munthu ananyalanyaza malamulo dala amamuletsa credit imeneyi zaka 2, akaona chinyengo zaka 10, kuwonjezera pa kubweza ndi chindapusa. Iwe uli ndi ulendo wautali m'dziko muno, udzafuna chilolezo chogwira ntchito cha OPT, mwina visa ya ntchito ya H-1B, mwina green card, ndipo mapepala a msonkho amatha kufunsidwa m'njira imeneyo. Pita ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa sukulu yako, ambiri amapereka pulogalamu yolembera 1040-NR. Anzakowo uwauze kuti angathe kukonza ndi Form 1040-X asanalandire kalata.

Chikondi (Ohio), 1:49
Zikomo kwambiri Anti. Ndinatsala pang'ono kulemba usiku wathawu.

Bambo a Tadala, 1:53
Wachita bwino kufunsa mwana wanga. $1,000 imeneyo ikanakudyera zambiri.

Agogo a Limbani (Boston), 3:05
Ana anga, inenso ndili ndi langa. Mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, anasankhidwa kupita ku Chanco ku Zomba. Fizi ndimalipira ine, chakudya ine, ndipo mu November ndinamugulira laputopu n'kupatsira munthu amene ankapita kumudzi. Mwanayo alibe wina, ndine mayi ake ndine bambo ake. Risiti ndili nayo. Kodi imeneyi siingalowe? Poti ndi sukulu ndithu, yunivesite yeniyeni.

Nambewe, 3:34
Agogo, funso lanu landikhudza, chifukwa ambiri a ife pagulu pano tikuphunzitsa ana kumudzi, ndipo ndikanakonda yankho likanakhala lina. Koma silowa. Kuti mufunse credit pa mwana, ayenera kukhala dependent wanu pa fomu, kutanthauza wodalira inu, ndipo dependent ayenera kukhala nzika ya America, kapena wokhala muno movomerezeka ndi malamulo a msonkho, kapena wokhala ku Canada kapena Mexico. Mdzukulu amene ndi Mmalawi ndipo akukhala ku Malawi sakwanira pamenepo, ngakhale mukumulipirira chilichonse. Sukulunso imayenera kukhala imene ili m'ndondomeko ya thandizo la ophunzira ya Department of Education ya kuno, koma kwa inu nkhani yathera kale pa mfundo yoyamba ija. Wina akadzakuuzani kuti angathe kumulowetsa, mukaneni.

Agogo a Limbani, 3:50
Ndamva mwana wanga. Ndinkangofuna kudziwa. Sindinamugulire kuti boma lindibwezere, ndinamugulira kuti asamapemphe ya anzake usiku. Anandiimbira tsiku limene anailandira, mawu osatuluka.

Anti Nachisale, 3:54
Mulungu akusungeni Agogo.

Mayi a Thoko, 5:15 madzulo
Ndadzuka tsopano. A Nambewe, Thoko wafika, tili limodzi. Akuti nayenso ali ndi W-2 yake, pepala la malipiro lochokera kuntchito, amagwira ku sitolo Loweruka ndi Lamlungu, chaka chatha anapeza $6,200. Anzake amuuza kuti alembe yekha pa foni alandire refund yake, ndipo akuti poti wophunzira ndi iyeyo, credit ya sukulu ndi yake. Anali atayamba kale kudzaza.

Nambewe, 5:21
Muuzeni aime pomwepo, asatumize! Thoko ali ndi zaka zingati, ndipo amakhala ndi inu?

Mayi a Thoko, 5:23
19, amakhala ndi ine, amadya zanga. Sanatumize, wangoika foni pansi.

Nambewe, 5:48
Mwaigwira nthawi yabwino. Mwana wosakwana zaka 24 amene ali pa sukulu nthawi zonse, akukhala kwanu ndipo sakudzisamalira yekha kuposa theka, ndi dependent wanu. Mukamulemba inu, credit ya sukulu ndi yanu, iye sangaifunse. Ngakhale ndalama zimene iye analipira yekha ku sukulu zimawerengedwa ngati munalipira ndinu. Iye angathe kulemba fomu yake kuti abwezeredwe msonkho umene anamudula ku ntchito, palibe vuto, koma achonge pamene akufunsa ngati pali wina amene angamulembe ngati dependent. Akapanda kuchonga n'kutumiza iye poyamba, yanu ikhoza kukanidwa pa kompyuta, ndipo kukonza kwake kumatenga nthawi. Komanso akanaifunsa yekha akanaluza, chifukwa ana a msinkhu wake amene makolo ali moyo ndipo sadzisamalira okha sapatsidwa gawo lija la ndalama ya m'manja, ndipo msonkho woti credit ichepetse iye alibe.

Pali chinthu chinanso chimene ndimafuna mukafunse kwa amene akakuthandizeni, musachichite nokha. Pell Grant imaloledwa kugwiritsidwa ntchito pa zinthu monga chakudya ndi malo ogona, osati fizi yokha. Buku la IRS lotchedwa Publication 970 limafotokoza kuti wophunzira angasankhe kuwerengera gawo la grant ngati ndalama imene wapeza, n'kuilemba pa fomu yake, ndipo akatero gawo lomwelo la fizi limakhala ngati mwalipira inu. Kwa inu, kuti mufike pa $4,000 pakuchepa $1,928. Thoko akailemba imeneyo pa fomu yake, pamodzi ndi $6,200 ya kuntchito zikukwana $8,128, zimene zili pansi pa $14,600 ya standard deduction ya 2024, gawo la malipiro limene silidulidwa msonkho, ndiye msonkho wa federal sungamukhudze. Inu credit ichoka pa $2,018 kufika pa $2,500. Ndi njira yololedwa, si yokhotakhota, koma mafomu awiriwo ayenera kulembedwa mogwirizana, ndipo pakhoza kukhala kamsonkho kochepa ka state kwa Thoko. N'chifukwa chake ndikuti mupite nonse awiri tsiku limodzi.

Bambo a Mphatso, 6:02
Imeneyi ine sindinkaidziwa. Zaka ziwiri zapitazo mwana wa mlamu wanga anali ndi Pell ndipo anangouzidwa kuti palibe chofunsa.

Nambewe, 6:09
Auzeni akaonetse mapepala ake. Munthu ali ndi zaka zitatu kuchokera pamene analemba kuti akonze ndi 1040-X n'kufunsa zimene anasiya. Za 2022 nthawi yake ndi mpaka April 2026.

Mayi a Thoko, 6:30
Nanga bambo aja ondilembera ndiwatani? Takhala nawo zaka zisanu, ndi munthu wodziwana naye, timakumana ku maliro ndi ku maukwati. Ndikuchita manyazi kuwakana.

Bambo a Tadala, 6:44
Mayi, manyazi amenewo ndi amene anandilowetsa m'dzenje. Tengani mafomu a chaka chatha muyang'ane pansi pa tsamba lachiwiri. Aliyense wolemba msonkho molipidwa ayenera kusaina ndi kuika nambala yake ya PTIN, imene a IRS amapereka kwa olemba msonkho. Ngati palibe, mwadziwa. Ndipo ngakhale asaine, zimene zalembedwa pa fomu mwini wake ndinu, kalata imabwera m'dzina lanu. Simukuyenera kukangana nawo. Ingowauzani kuti chaka chino mukalemba limodzi ndi mwana ku malo aulere chifukwa cha za sukulu.

Mayi a Thoko, 6:58
Ndayang'ana. Anasaina, nambala ilipo. Mtima wakhalako pansi. Koma chaka chino ndipita ku VITA, nkhani ya foni ija yandichotsa chikhulupiriro.

Nambewe, 7:10
Pa tsamba la IRS pali pofufuzira malo a VITA ndi zip code yanu, nthawi zambiri amakhala ku laibulale kapena ku makoleji. Imbani msanga chifukwa malo amadzaza, musadikire April 15. Munyamule ma ID, makadi a Social Security a nonse atatu, ma W-2 anu ndi a Thoko, 1098-T, marisiti, tsamba lija la kabuku, ndi fomu ya chaka chatha. Thoko alowenso mu akaunti yake ya sukulu asindikize sitetimenti yosonyeza zimene zinalipidwa ndi masiku ake, chifukwa nthawi zina 1098-T imasiyana ndi zimene zinachitikadi. Mukafika munene poyambirira kuti pali Pell Grant ndi laputopu, kuti akupatseni munthu amene anaphunzira mbali imeneyo.

Mayi a Thoko, Lachitatu 8:16 m'mawa
Abale, mwadzuka bwanji. Ndapeza malo Loweruka lino 10 koloko ku laibulale. Koma china chandidetsa nkhawa. Risiti ya laputopu ndinaisunga m'kathumba ka m'kati ka handibagi kuyambira August. Ndaitulutsa lero, yafufutika, pepala langoti mbee, mukungooneka dzina la sitolo pamwamba ndi manambala awiri pansi. Ndaiyang'ana pa windo, ndaiunika ndi tochi ya foni, mtengo sukuoneka.

Bambo a Mphatso, 8:25
Munalipira ndi kadi kapena kashi?

Mayi a Thoko, 8:27
Ndalama ya chipeleganyu ndinayamba ndaiika ku banki, ndinalipira ndi debit card.

Bambo a Mphatso, 8:33
Ndiye palibe chatayika. Sindikizani sitetimenti ya banki ya August, tsiku ndi $962 zioneka. Kenako pitani ku sitoloko ndi kadi lomwelo, ku desiki yothandiza makasitomala, masitolo akuluakulu ambiri amatha kuifufuza n'kukusindikizirani ina. Ngati munapereka imelo pogula, yang'ananinso mmenemo. Mukaipeza muijambule pa foni tsiku lomwelo, mapepala a makina aja sachedwa kufufutika.

Mayi a Thoko, 11:52
Thoko waipeza mu imelo yake, anapereka yake pa kauntala tsiku lija ine osadziwa. Yalembedwa zonse, dzina la laputopu, $899, msonkho $62.93, tsiku la 22 August. Wasindikiza makope awiri ku sukulu pamodzi ndi tsamba 14 la kabuku kaja. Zonse zili mu envelopu ya khaki pamwamba pa firiji. Anti Nachisale, kodi yunifolomu ija ndikaipeza pa sitetimenti ya banki ndinyamulenso?

Anti Nachisale, 12:04
Nyamulani amake Thoko, pamodzi ndi tsamba limene likunena za yunifolomu m'kabuku komweko, akakuuzani komweko ngati ikulowa. Loweruka mukatuluka mutiuze mmene zayendera.